Nyali ya a Zuze

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Azakhali anu anakuuzani kale zokwanira, zina zoona, zina zongokometsera. Ine ndikufuna ndikusiyireni mbiri ya ntchito imene ndinagwira mpaka imvi, yoyeza magazi ndi makhololo m'zipatala za kuno ku Chigwa. Koma sindingalembe za ntchitoyo osatchula a Zuze. Dzina limeneli mwalimva m'nyumba muno kuyambira muli kumsana kwa amayi anu, ndipo ena mwa inu munaona kale kuti likangotchulidwa ine ndimadzuka kukaona mbuzi. Lero mumve chifukwa chake.

Chaka choyamba pantchito

Nditamaliza maphunziro a za m'labu, ananditumiza ku chipatala chaching'ono cha m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. Ine mwana wa kwa Katunga, kutentha ndi udzudzu sizinandidabwitse. Pa lole imene ndinakwera panali mnyamata wamtali, woonda, atakhala pa thumba la ufa, akuseketsa amayi amene ankachokera kumsika. Atandiona anasuntha n'kundipatsa malo. "Muli tani, shamwali?" anatero m'Chisena, ndiye kuti muli bwanji, bwenzi. Ameneyo ndiye anali Zuze, wa ku Nsanje, makolo ake anachokera kutsidya ku Mozambique. Tili m'njira tinazindikira kuti tikupita kukayamba ntchito imodzi, m'chipinda chimodzi. Kuyambira tsiku limenelo iwo amanditchula iwe, ine ndimawatchula inu, ndipo sizinasinthe.

Labu yathu inali kachipinda kokhala ndi tebulo, beseni ndi makina amodzi oonera tizilombo, aja timati maikulosikopu. Makinawo analibe babu. Pansi pake panali kalilole. Tinkawaika pawindo n'kupendeketsa kaliloleyo mpaka atatenga kuwala kwa dzuwa n'kukuponya m'mwamba, kudutsa pa magazi opakidwa pa kagalasi, kufika m'diso. Mitambo ikangosonkhana, ntchito inkaima, odwala n'kumadikira panja mpaka kuthambo kutayera.

Ntchito ndinkaidziwa, pamenepa sindidzichepetsa. Kachilombo ka malungo kangabisale bwanji, ine ndinkakapeza. A Zuze nawonso ankaidziwa, koma iwo anali ndi chinthu china chimene sukulu saphunzitsa. Mwana akabwera akulira kuopa singano, ankayamba kumufunsa dzina la galu wa kwawo, ndipo pomwe mwanayo akuyankha, magazi amakhala atatengedwa kale. Nkhalamba za ku dambo zinkalowa pakhomo n'kundiyang'ana ine ngati mpando, kenako n'kufunsa, "A Zuze ali kupi?" Ndikawauza kuti ine ndiwathandiza, ankati adikira. Asodzi ankawabweretsera makakana ndi milamba yowamba, iwo n'kugawa pakati, theka n'kundipatsa. Ndinkadya, koma nsomba yopatsidwa ndi munthu amene ukumuchitira nsanje imachuluka minga.

Mkulu wa chipatalacho, a Gondwe, tsiku lina analowa m'labu ndi alendo. Potionetsa kwa alendowo anati, "Muno Mulungu anagawa bwino. Kampira anam'patsa maso, Zuze anam'patsa anthu." Onse anaseka, nanenso ndinaseka nawo. Koma pobwerera kunyumba ndinkadzifunsa kuti maso pa okha amathandiza chiyani ngati palibe amene akukuona iweyo.

Chaka chimene tinakumananso

Patapita zaka zingapo anatilekanitsa. Ine ndinazungulira zipatala zing'onozing'ono, ndinakwatira amayi anu, Esinati anabadwa, enanu munatsatira. Mtima wanga unali pansi. Ndiye ndili ndi imvi zoyamba, anandisamutsira ku chipatala chokulirapo mbali ya Chikwawa. Tsiku loyamba ndisanalowe n'komwe m'labu ndinamva kuseka kumene ndinakuzindikira nthawi yomweyo. "Shamwali! Wakalamba bwanji iwe!" Anandikumbatira pamaso pa odwala onse.

Bwana wathu kumeneko anali Mayi Chisale, mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wachilungamo. Makina athu tsopano anali a magetsi, koma mavuto anali omwewo atangosintha malaya. Magetsi ankazima m'mawa n'kuyaka madzulo. Mababu a m'makinamo ankapsa kawirikawiri, ndipo tikaitanitsa ena, yankho linkangoti adikire. Nthawi imeneyo ntchito yaikulu inali ya makhololo a anthu owaganizira chifuwa chachikulu. Anthu ankachokera kutali pa kabaza, ena pa ngolo, ife n'kumawabweza kuti abwerenso mawa. Ena ankabweranso, ena ayi.

M'masiku omwewo pamsika panadzaza matochi atsopano otchipa, a mababu ang'onoang'ono oyera aja amati LED. Tsiku lina magetsi atazima, a Zuze analowa ndi tochi yotere. "Taona ichi, shamwali. Sichitentha, batire zake sizitha msanga. Bwanji tichilowetse pansi pa makinawa?" Ndinena zoona, nzeru imeneyo inali yawo. Anaphwasula tochiyo, analumikiza mawaya ku batire ya foni, anaika zonse m'chitini cha mkaka wa ufa chimene anaboola pamwamba. Manja awo pa mawaya anali aluso. Koma titasuzumira m'makina, tinaona chimdima chobiriwira, pakati pokha powala pang'ono, m'mbali monse bii. Tochi ina ya mababu ambiri inkaonetsa timadontho tambirimbiri ngati nthomba. A Zuze anakanda mutu n'kuseka. "Basi zakanika. Chitinichi ndikasungiramo mchere."

Ine ndinali ndi katoni imene amayi anu ankafuna kuitaya chaka chilichonse. Munali magalasi amene ndinkatola pa makina akufa, mandala osweka a anthu, ndi ena ochokera m'makina akale oonetsera kanema wa zaumoyo m'midzi. Ndinaiona nkhaniyo chonchi: kuwala kwa LED kumamwazika ngati madzi otayidwa m'beseni, pamene makina athu amafuna kuwala koyenda mumngalande umodzi. Pankafunika galasi lokusonkhanitsa, lija lotumbika pakati timati lenzi. Funso linali loti galasi lake liti.

M'mawa mwake ndinabwera ndi katoniyo. Nthawi yopuma masana tinapita kuseri kwa labu, dzuwa la Okutobala likuwotcha nkhongo. Ndinkatenga galasi limodzilimodzi, kuliika padzuwa, n'kulikweza ndi kulitsitsa pamwamba pa chipepala mpaka kuwala kutasanduka kadontho kamodzi. Magalasi opyapyala ankapanga kadonthoko patali, pafupifupi kutalika kwa mkono. Oterowo ndinkawaika pambali, chifukwa ukawayandikiza pa LED sakupinda kuwala mokwanira, ukawatalikitsa kuwala kwambiri kumadutsa m'mbali. Okhuthala ankapanga kadontho pafupi, ngati m'lifupi mwa zala ziwiri.

"Onse si magalasi okhaokha kodi?" anafunsa a Zuze akupukuta thukuta. "Tangotenga lililonse, shamwali, tikupsa kuno."

"Dikirani, a Zuze. Nsapato zonse ndi nsapato, koma simuvala za mwana wanu."

Ndinasankha limodzi lokhuthala, lalikulu ngati chivindikiro cha botolo la mankhwala, lochokera m'makina a kanema aja. Tinaliika pamwamba pa LED imodzi yokha, pa mtunda womwe uja linkapangira kadontho. Titalozetsa pakhoma, kuwala kunayenda pamodzi osamwazika, koma pakhomapo panaoneka chithunzi cha kamtima ka babuyo, ka makona anayi. Ndinadula kapulasitiki koonekera, ndinakapala ndi sanipepa mpaka kanachita mbuu, n'kukaika pamwamba pa galasilo. Chithunzi chija chinasungunuka. Tinalowetsa chitini pansi pa makina, ndinaika kagalasi ka makhololo, ndinasuzumira. Ana anga, munali moyera mofanana kuyambira pakati mpaka m'mbali, ndipo tizilombo ta chifuwa chachikulu tinkaoneka bwino lomwe, tofiira ngati tizidutswa ta ulusi pa nsalu yabuluu. A Zuze anasuzumira n'kukuwa m'Chisena kuti zili bwino, "Pyadidi!" Mayi Chisale anabwera, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti, "Itanani odwala aja asapite." Tsiku limenelo sitinabweze munthu.

Mwezi wa maliro a apongozi

Sipanapite nthawi yaitali, agogo anu aamuna, bambo wa amayi anu, anatisiya. Ndinapita kwa Katunga kukakhala pamaliro mpaka kumeta. Sabata yomweyo kuntchito kunabwera akuluakulu ochokera ku Blantyre kudzayendera ma labu. Anapeza magetsi atazima koma ntchito ili mkati. Anafunsa kuti zikutheka bwanji, ndipo amene anali pa makina anali a Zuze. Mukuwadziwa mmene amafotokozera nkhani. Ndikumva kuti alendowo anaseka mpaka kugwira nthiti, anajambula chitinicho, anajambulanso iwo atachinyamula.

Pamene ndinkabwerera, chitini chija chinali ndi dzina. Aliyense, ngakhale alonda a pageti, ankati nyali ya a Zuze.

A Zuze anandilandira okha pakhomo. "Shamwali, ndinawauza kuti galasi anasankha ndi a Kampira. Ndinanena kawiri. Koma bambo amene ankalemba uja anangolemba dzina la munthu amene ankamuona." Mayi Chisale anavomereza kuti anaterodi. Ndiye ndikanakwiyira ndani? Ndikanakonda akananama, chifukwa munthu wakuba umadziwa pomugwira.

Akuluakulu aja anaitana a Zuze ku Lilongwe kukaonetsa nyaliyo. Anagona ku hotela, anabwerako ndi chikwama chatsopano, ndipo posakhalitsa anawakweza kukhala oyendera ma labu a m'chigwa chonse. Bungwe lina linalipira mmisiri wa mumzinda kuti apange nyali zambiri zofanana ndi yathu, zopakidwa penti yoyera, ndipo anazigawa m'zipatala zing'onozing'ono. Ine ndinatsala pa mpando womwe uja. Kumsika anthu ankandiimitsa n'kumati, "Inu mumagwira ntchito ndi a Zuze aja a nyali? Mwayi wanu!" Kunyumba ndinkakhala duu. Tsiku lina amayi anu anandiyang'ana ndikungotembenuza chakudya m'mbale, n'kunena kuti, "Bambo a Esinati, ndiwozi ndaphika ndine, sanaphike a Zuze. Idyani."

Dzinja lotsatira

Mbali ina ya ntchito yanga inali kuyang'ananso timagalasi ta makhololo tochokera m'zipatala zing'onozing'ono, kuti titsimikize kuti anzathu akuona bwino. Dzinja limenelo ndinayamba kupeza zodabwitsa. Timagalasi tina timene kumeneko anati mulibe kanthu, ine ndikasuzumira ndinkapeza tizilombo. Tambiri tinkachokera ku chipatala chija cha m'mphepete mwa dambo kumene ndinayambira ntchito. Ndinauza Mayi Chisale, anandipatsa njinga yamoto kuti ndikaone. Ndinamangirira katoni yanga ya magalasi kumbuyo, chifukwa mtima unali utandiuza kale kanthu.

Msewu unali matope okhaokha. Nditafika, mayi amene ankagwira m'labumo anandilandira ndi mantha. Anati, "Bambo, mwina ndi maso angawa. Chibwerereni nyaliyi mutu umandipweteka, koma ndimaopa kunena, chifukwa aliyense akuitama." Ndinasuzumira, ndipo munali mwa chimbuuzi ngati m'mawa wa nkhungu. Ndinatsegula nyaliyo. Mmisiri uja, posowa magalasi okhuthala, anaikamo opyapyala aja amagulitsa m'sitolo okulitsira zilembo. Kunja nyaliyo inali yokongola kuposa chitini chathu, koma kuwala kwake kunkathera m'makoma a m'kati.

Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu. Sabata yomweyo kunali msonkhano wa akuluakulu, woti agamule ngati nyalizo zipite m'maboma ena. Ndinaona zonse m'maso mwanga: ine nditalowa ndi timagalasi tija, n'kutiyala patebulo, n'kutsegula nyaliyo pamaso pa onse. A Zuze akanasowa chonena, chifukwa ndi iwo amene anavomereza nyalizo osayang'ana galasi. Wina akanafunsa kuti nanga yoyamba ija inatheka bwanji, ndipo dzina langa likanatuluka lokha. Sindikanafunika kunama ngakhale liwu limodzi, kungodikira tsiku la msonkhano basi. Sindikubisirani, maganizo amenewo ankakoma.

Pafupi nane, pa mkeka, panali mayi wina woonda, mwana ali kumsana, akutsokomola m'chitenje. Mayi wa m'labu uja anandinong'oneza kuti ameneyo ndi mmodzi mwa anthu aja, wowamba nsomba ku dambo. Anamuyeza kawiri n'kumuuza kuti alibe chifuwa chachikulu. Mayiyo anandiona ndavala malaya oyera n'kulankhula motsitsa. "Bambo, akuti ndilibe matenda. Nanga chikundidyachi n'chiyani? Kwathu ayamba kunena kuti andilodza apongozi anga. Banja likutha." Mwana wa kumsana uja nayenso anatsokomola.

Ndinadzuka. Ndinamasula katoni, ndinasankha galasi lokhuthala padzuwa limene linatulukira pakati pa mitambo, ndinachotsa lopyapyala lija, n'kukhazika langa pa mtunda woyenera ndi kachidutswa ka paipi. Tinayezanso makhololo a mayiyo. Tizilombo tinali tambirimbiri. Anayamba mankhwala tsiku lomwelo, mwana anamutumiza kwa adokotala. Kenako ndinaimbira Mayi Chisale kuti zipatala zonse zisiye kaye nyalizo ndipo ziitanenso anthu amene anabwezedwa. Pomaliza ndinaimbira a Zuze.

M'mawa mwake anafika kuchipatala chathu pa minibasi yoyamba, maso atafiira, osaseka. Aka kanali koyamba kuwaona choncho. Tinalowa m'chipinda chosungiramo katundu wakufa, mmene munali maikulosikopu akale ambiri atachita fumbi. Mbali yosuzumirapo diso ya makina aliwonse imakhala ndi magalasi okhuthala bwino, ndiye tinayamba kumasula. Titagwira kwa kanthawi, anaima.

"Ndinkayesa galasi ndi galasi basi. Unandiuza za nsapato, ine ndinaseka." Anaika pansi galasi limene linali m'manja mwawo. "Shamwali, ukanatha kundimaliza pa msonkhano paja."

"Ndikanatha."

"Nanga bwanji sunatero?"

"Tandipatsirani sikuludiraiva yaing'onoyo, a Zuze."

Anandipatsa, n'kundithokoza motsitsa m'Chisena, "Takhuta."

Tsiku la msonkhano ine ndinali pa njinga yamoto kutsidya kwa Shire, ndikusintha magalasi chipatala ndi chipatala. A Zuze anakaima okha pamaso pa akuluakulu. Anavomera vutolo osabisa, anafotokoza mmene tikulikonzera, ananenanso kuti nyali iliyonse iziyesedwa padzuwa ndi pakhoma isanatumizidwe. Akuluakulu anagamula kuti ntchito ipitirire. Anthu ambiri amene anabwezedwa anapezeka n'kuyamba mankhwala. Bambo mmodzi tinamupeza atamwalira kale. Mayi wowamba nsomba uja anachira, ndinamuona chaka chotsatira atanenepa, ali ndi dengu pamutu, ndipo sanandizindikire.

Chaka chopuma ntchito

Nthawi yanga itakwana, anzanga anandikonzera kaphwando pabwalo la chipatala. Panali mipando ya pulasitiki, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mbuzi imodzi. Mayi Chisale analankhula mwachidule, monga mwa khalidwe lawo. Kenako galimoto inaima pageti, n'kutsikamo a Zuze, amene anali atachokera ku Nsanje dala. Anthu anawaombera m'manja asanafike n'komwe pampando.

Atapatsidwa mwayi, anaimirira n'kunena zonse. Anati nyali imene yakhala ikudziwika ndi dzina lawo inali chitini cha mchere chabe mpaka a Kampira anaikamo galasi. Anafotokoza za masana aja kuseri kwa labu, za dzinja lija, za mmene ndikanawagwetsera koma sindinatero. Anamaliza ndi kuti, "Ngati pali munthu amene ali moyo lero chifukwa cha nyali ija, akathokoze bambo awa, osati ine." Mumtima ndinati tsiku lija lafika.

Anthu anaimirira, amayi anaimba nthungululu. Kenako onse anakhamukira kwa a Zuze. Anawagwira chanza, ena anawakumbatira, namwino wina ankalira. Ndinkamva mawu akuuluka mbali zonse: "Kudzichepetsa kwake!" "Anthu otere alipo ochepa!" Wina anandigunda phewa podutsa kuti akawafikire, n'kundipepesa osatembenuka. Ine ndinatsala nditakhala pampando wa mwini phwando, wailesi imene anandipatsa ili pamiyendo.

Madzulo tikuyenda kupita kokwerera minibasi, amayi anu atasenza wailesi ija, anapuma mozama n'kunena kuti, "Koma bambo a Esinati, a Zuze aja ndi munthu wabwino zedi."

Ndinafunafuna choyankha njira yonse mpaka pa siteji, chilichonse chowachotsera pang'ono pokha. Sindinachipeze.

"Eya," ndinatero. "Ndi munthu wabwino." Ndipo ndinakwera n'kukakhala pawindo.